Tai chi, Baduanjin kapena kuima chilili: kusankha masewera a ku China oyenera thupi lanu

Kukangocha, m'mapaki a m'mizinda ya ku China monga Beijing ndi Shanghai mumakhala mutadzaza kale agogo. Ena aima malo amodzi, akukweza manja kumwamba n'kuwatsitsa. Ena akuyenda mwa bilimankhwe, phazi lili m'malere ngati likuganiza poti liponde. Enanso angoima njo, mikono itapindikira patsogolo ngati akumbatira mtengo wosaoneka. Kwa mlendo zonsezi n'chimodzimodzi, ndipo mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi Facebook amazitchula ndi dzina limodzi. Koma ndi masewera osiyana, ndipo munthu wovutika ndi mawondo akasankha mwachisawawa akhoza kuwonjezera ululu umene amafuna kuchepetsa.

Poyerekeza masewerawa musatengeke ndi manja, ngakhale kuti ndiwo amakopa maso. Yang'anani kumiyendo. Kodi kulemera kwa thupi kwakhazikika pa miyendo yonse iwiri, kapena kukusamuka kuchoka pa mwendo wina kupita pa unzake? Yankho la funso limeneli limakuuzani zimene masewerawo angathandize, nthawi imene mungatenge powaphunzira, ndi pamene angakupwetekeni.

Gwero lake mwachidule

Kale ku China masewera otakasa thupi pamodzi ndi kupuma ankatchedwa daoyin. Mu 1973, ofukula zakale anapeza nsalu ya silika m'manda a ku Mawangdui, mumzinda wa Changsha, amene anatsekedwa chaka cha 168 Khristu asanabadwe. Pansaluyo anajambulapo anthu 44, amuna ndi akazi, ena akuwerama, ena akudziwongola, ena atagwira ndodo. Otsatira chiphunzitso cha Tao ndiwo anasunga kwambiri luso limeneli, chifukwa ankafunitsitsa moyo wautali ndipo ankakhulupirira kuti chofewa chimapambana cholimba. Dzina lakuti qigong, limene amalitchula ngati "chigong", linafala posachedwa, m'zaka za m'ma 1950, pamene Liu Guizhen anayamba kuphunzitsa odwala ku Tangshan ndi ku Beidaihe. Lero dzinali limaphimba mitundu yambirimbiri ya masewera.

Tai chi ndi nkhani ina. Poyamba inali luso lomenyera nkhondo. Nthano imati anaiyambitsa ndi Zhang Sanfeng wa kumapiri a Wudang, koma akatswiri a mbiri amaloza mudzi wa Chenjiagou m'chigawo cha Henan, kwa Chen Wangting, m'zaka za m'ma 1600. Yang Luchan, amene anamwalira mu 1872, anaphunzira kumeneko n'kukaiphunzitsa ku Beijing. Mu 2020 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa. Chifukwa choti inabadwira kunkhondo, mwendo ndi chiuno ndizo zimalamulira zonse: womenya sangayerekeze kupendekeka.

Aphunzitsi amalankhula za qi, mphamvu imene amati imayenda m'thupi, ndi za dantian, malo a m'mimba amene ali ngati zala zitatu pansi pa mchombo. Palibe makina amene anayezapo qi. Zimene zayezedwa ndi BP, ululu, ndi kuchuluka kwa nthawi zimene munthu wagwa, ndipo zimenezi ndizo tigwiritse ntchito poyerekeza.

Baduanjin: njira ya munthu wopanda mphunzitsi

Dzinali limatanthauza zidutswa 8 za nsalu yopetedwa, ndipo limapezeka kale m'zolemba za m'ma 1100. Mu 2003 boma la China linatulutsa ndondomeko imodzi yoti anthu onse azitsatira, ndipo mavidiyo ambiri abwino amasonyeza imeneyo. Yonse imatenga mphindi pafupifupi 12. Simuchoka malo amodzi, choncho mpata wokwana mkeka umodzi ndi wokwanira.

Mumayamba mutaima, mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa, mawondo atapindika pang'ono chabe. Gawo loyamba, mumalukanitsa zala patsogolo pa mimba, kukweza manja kufika pachifuwa, kutembenuza zikhato n'kukankha kumwamba, kenako kutsitsa mikono cham'mbali, maulendo 6. Lachiwiri mumatangadza miyendo, kutsika ngati mwakwera hatchi, n'kukoka uta kumanzere ndi kumanja, katatu mbali iliyonse. Lachitatu dzanja lina likukankha kumwamba, lina pansi. Lachinayi mumapotoza mikono kunja n'kucheuka kumbuyo. Lachisanu mumatsikanso n'kuzunguliza mutu ndi chiuno. La nambala 6 manja amatsika ndi msana, ntchafu, mpaka kumapazi, maulendo 6. La nambala 7 mumaponya nkhonya pang'onopang'ono, chala chachikulu chili m'kati mwa chibakera, maso ali tong'o. Lomaliza mumanyanyamphira n'kugwetsa zidendene maulendo 7.

Zolakwika zake n'zodziwika, ndipo zambiri zimachokera ku kufuna kufanana ndi munthu wa m'vidiyo tsiku loyamba lomwe. Pa gawo loyamba anthu amakweza mapewa mpaka kumakutu ndi kutulutsa mimba patsogolo, motero msana wam'munsi umapanikizika. Chothandiza n'kulowetsa chibwano pang'ono ndi kulola matako kulendewera pansi ngati mukufuna kukhala pampando wautali. Pocheuka, ambiri amatembenuza thupi lonse, pamene cholinga n'chakuti chifuwa chiyang'anebe kutsogolo, khosi lokha ndilo lizungulire, ndipo lizungulire mosadzidzimutsa. Mukamva chizungulire, chepetsani ndi theka.

Gawo lachisanu ndi la nambala 6 ndiwo ofunika kusamala nawo. Onse awiri amatsitsa mutu. Munthu wa BP yokwera imene sinakhazikike, wa nthenda yokweza mphamvu ya madzi m'diso imene madokotala amati glaucoma, wa mafupa ofooka, kapena amene msana umamuwawa mpaka kumwendo, manja ake azilekezera m'mawondo ndipo mutu usatsike kupitirira mtima. Powerama pindani m'chiuno, msana ukhale wowongoka, ndipo podzuka mikono iyambe kutsogola, thupi litsatire. Pa gawo lomaliza musamenyetse zidendene kuchokera m'mwamba. Tsikani theka mwaulemu, kenako gwetsani pang'ono kotsalako, mano atagundana mopepuka kuti lilime lisalumidwe.

Ubwino wa Baduanjin ndi wakuti pakatha masabata awiri kapena atatu mwailoweza, ndipo gawo lililonse limaima palokha. Mukaiwala lachisanu, mumangopitirira. Imamasula mapewa, khosi ndi msana wa munthu wokhala tsiku lonse pa kompyuta, pa makina osokera kapena pachiwongolero. Kuperewera kwake kuli pa mfundo tinayamba nayo ija: nthawi zambiri miyendo yonse iwiri imakhala pansi. Imalimbitsa ntchafu, inde, koma siphunzitsa mokwanira thupi kudzigwira pa mwendo umodzi pamene wina ukuyenda, ndipo pamenepo ndi pamene agogo amagwera.

Tai chi: yovuta kuphunzira, koma umboni wake ndi wochuluka

Ngati vuto lanu kapena la makolo anu ndi kudzandira, kupunthwa, kapena mantha otsika pakhonde, palibe pa masewera onsewa chimene chimaposa tai chi. Mu 2018, Fuzhong Li ndi anzake a ku Oregon Research Institute ku America anafalitsa kafukufuku wa anthu 670 a zaka 70 kupita m'tsogolo amene anali pachiopsezo cha kugwa. Ankachita masewera ola limodzi, kawiri pa sabata, kwa masabata 24. Gulu la tai chi linagwa mochepera ndi 58 peresenti poyerekeza ndi gulu longodziwongola, ndiponso mochepera ndi 31 peresenti poyerekeza ndi gulu lochita masewera osakaniza olimbitsa thupi. Li yemweyo, mu 2012, anaonetsa pa odwala 195 a nthenda ya Parkinson, imene imanjenjemeretsa thupi ndi kuvutitsa kuyenda, kuti tai chi inawathandiza kudzigwira bwino poima.

Pa mawondo, Chenchen Wang wa ku Tufts Medical Center mumzinda wa Boston anayerekeza tai chi ndi mafizo pa anthu 204 a nyamakazi yoperepesa mawondo. Zotsatira zinatuluka mu 2016: pakutha kwa masabata 12 ululu unachepa mofanana m'magulu onse awiri, ndipo a tai chi anapepukidwanso mumtima kuposa anzawo. N'chifukwa chake malangizo a mu 2019 a bungwe la American College of Rheumatology amalimbikitsa kwambiri tai chi kwa odwala nyamakazi ya bondo ndi ya m'chiuno. Pa BP, kafukufuku wa ku China wa mu 2024 anatsatira kwa chaka chathunthu anthu 342 amene BP yawo inali itayamba kukwera koma isanafike pa matenda. Amene ankachita tai chi kanayi pa sabata, nambala yapamwamba ya BP inatsika ndi pafupifupi 7, pamene amene ankathamanga, kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga inatsika ndi 4.6.

Onani nthawi imene anthuwa ankapereka: ola lathunthu, kawiri mpaka kanayi pa sabata, miyezi itatu kapena kuposa, pamaso pa mphunzitsi. Mphindi zisanu za apo ndi apo sizingabweretse zotsatira zimenezi.

Tai chi ili ndi mabanja ake, ndipo kusankha banja n'kofunika. Ya Yang ndiyo yofala kwambiri: yodekha, yotambasuka, liwiro lake silisintha. Ndondomeko yake yaitali ili ndi magawo opitirira 80 ndipo imatha mphindi 20 kapena kuposa, choncho mu 1956 boma la China linakonza yaifupi ya magawo 24 imene imatha m'mphindi pafupifupi 6. Kuiloweza kumatenga miyezi ingapo. Ya Sun, imene anayambitsa Sun Lutang, munthu amaima chokwera, masitepe ndi aafupi, ndipo phazi lakumbuyo limatsatira lakutsogolo m'malo motsalira kutali. Bondo silisenza katundu wambiri. Dokotala wa ku Sydney, Paul Lam, anatenga mtundu umenewu pokonza pulogalamu yake ya odwala nyamakazi. Ya Chen ndi yokongola kwambiri kuionera, koma imatsika pansi, imapotoza, imapondetsa phazi mwamphamvu ndi kutulutsa nkhonya mwadzidzidzi. Wazaka 60 amene mawondo ake amalira kale asayambire pamenepo. Pulogalamu ya Fuzhong Li ija ili ndi magawo 8 okha otengedwa ku Yang, umboni wakuti kuchuluka kwa magawo si kumene kumateteza munthu kugwa.

Chimene chimateteza ndi kayendedwe, ndipo mukhoza kukaphunzira musanadziwe gawo lililonse la manja. Imani pafupi ndi khoma, manja m'chiuno, mawondo atapindika pang'ono. Samutsirani thupi lonse pa mwendo wamanja. Tambasulani mwendo wamanzere kutsogolo ndi chakumanzere pang'ono, chidendene chigunde pansi chopanda kulemera kulikonse. Dziyeseni: kodi mungalibweze phazilo osagwedeza thupi? Ngati simungathe, sitepe yatalika kapena mwaligwera. Kenako tsitsani phazi lonse, kankhirani thupi kutsogolo mpaka kulemera pafupifupi 70 peresenti kukhale pa mwendo wakutsogolo. Bwererani pa mwendo wakumbuyo, dzutsani zala za phazi lakutsogolo, litembenuzireni kunja pa chidendene ngati madigiri 45. Tsopano samukirani kwathunthu pa phazi limenelo, bweretsani lamanja pafupi ndi kakolo, n'kuponyanso. Masitepe 10 akutengereni mphindi imodzi kapena ziwiri. Aphunzitsi a ku China amati mutu ukhale ngati wapachikidwa ndi chingwe kuchokera paliwombo. Mayi aliyense amene anasenzapo ndowa yodzaza amakadziwa kaimidwe kameneka: khosi lowongoka, chibwano cholowa, mutu wosakwera kapena kutsika, ntchito yonse ili m'chiuno ndi m'miyendo.

Madandaulo ambiri a ophunzira tai chi ndi a bondo, ndipo zifukwa zake zimakhala zinayi. Choyamba ndi bondo logwera m'kati pamene phazi laloza kunja. Mitsempha ya m'kati mwa bondo imakokeka. Bondo liziloza kumene kwaloza chala chachiwiri cha phazi, nthawi zonse. Chachiwiri ndi kutembenuza phazi likadali ndi katundu. Nsapato ya labala ikagwira simenti, phazi silisuntha, ndiye chimene chimapotoka ndi bondo. N'chifukwa chake timabwerera kaye m'mbuyo tisanatembenuze. Chachitatu ndi kuyenda pa mzere umodzi ngati pa mlatho wa mtengo umodzi. Pakati pa zidendene pazikhala mpata wam'mbali wa masentimita 10 mpaka 30, apo ayi chiuno chimapotoka ndipo thupi limapendekeka. Chachinayi ndi kutsika kwambiri pofuna kuoneka katswiri. Mukayang'ana pansi muziona zala za phazi lakutsogolo. Bondo likazibisa, mwapitirira.

Kusiyanitsa ululu n'kosavuta. Ntchafu zikamatentha ndi kunjenjemera, minofu ikugwira ntchito, ndipo zimenezi zimatha pakapita masabata ochepa. Kubaya m'kati mwa bondo, kutupa, kapena ululu umene ukupitirira maola awiri mutamaliza, ndi chizindikiro choti mwapyola muyeso. Ulendo wotsatira imani chokwera ndipo fupikitsani sitepe.

Zapakatikati: Shibashi, nyama zisanu ndi Yijinjing

Pali njira imene imatenga kufewa kwa manja a tai chi n'kusiya kuvuta kwa mapazi. Imatchedwa Shibashi, kutanthauza magawo 18, ndipo anaikonza ndi Lin Housheng mu 1979. Gawo lililonse limabwerezedwa maulendo angapo, kawirikawiri 6, ndipo yonse imatha m'mphindi 15 mpaka 20. Zambiri zimatheka munthu atakhala pampando. Kwa munthu amene wangochira kumene, wolemera thupi kwambiri, kapena gulu la achikulire a mphamvu zosiyana, iyi ndi yabwino kuposa Baduanjin, chifukwa kutsika ndi kuwerama kwake n'kosavuta kuchepetsa. Vuto lake n'lakuti ndi yophweka moti munthu akhoza kumangogwedeza mikono maganizo ali kumsika. Mawondo ayenera kupindika ndi kuwongoka limodzi ndi manja, apo ayi miyendo sipindula kanthu.

Wuqinxi, masewera a nyama zisanu, amati anayambitsa ndi sing'anga wotchuka Hua Tuo amene anamwalira cha m'ma 208. Nyamazo ndi kambuku wamizeremizere wa ku Asia, mbawala, chimbalangondo, nyani ndi mbalame ya miyendo italiitali yonga kakowa. Ndondomeko ya mu 2003 ili ndi magawo awiri pa nyama iliyonse, onse pamodzi 10. Apa msana umapindika mbali zonse, zala zimagwira ntchito kwambiri, nyani amanyanyamphira, mbalame imaima pa mwendo umodzi. Motero pa nkhani yodzigwira imaposa Baduanjin, koma imafuna thupi limene likadali ndi changu. Imakomera munthu wa zaka za m'ma 40 kapena 50 wa msana wouma, ndiponso ana amaikonda. Kuiphunzira pa vidiyo yokha n'kovutirapo, makamaka chimbalangondo, chimene kuzungulira kwake kumachokera m'mimba koma oonera amangotengera manja.

Yijinjing ili ndi magawo 12 ndipo dzina lake limagwirizanitsidwa ndi kachisi wa Shaolin, amene ambiri timamudziwa kudzera m'mafilimu a kung fu. Imakoka minofu mwamphamvu ndipo ili ndi magawo ogwira pansi ndi manja. Ndi ya munthu wathanzi amene akufuna kulimba, yosayenera kuyambira wodwala.

Liuzijue: pamene mpweya ndiwo vuto

Izi ndi mawu 6 otulutsa popuma: xu, he, hu, si, chui ndi xi. Analemba za iwo ndi Tao Hongjing, katswiri wa Tao ndi wa mankhwala amene anamwalira mu 536. Mumakoka mpweya ndi mphuno, n'kuutulutsa pakamwa pang'onopang'ono mukutchula liwulo motsitsa, maulendo 6 liwu lililonse, manja akuyenda mopepuka. Mwambo umati liwu lililonse limachiza chiwalo chake, monga xu chiwindi ndi chui impso. Zimenezo musazidalire. Chimene chili ndi phindu looneka ndi kutulutsa mpweya motalika kudzera pakamwa popanikiza, zofanana ndi zimene a mafizo amaphunzitsa anthu a mapapo owonongeka amene amabanika. Imatheka chogona kapena chokhala, choncho ndi ya wodwala amene sangathe kuima nthawi yaitali. Miyendo siilimbitsa. Ndipo chifuwa chimene chatha masabata awiri chimafuna kukayezetsa TB kaye musanaganize za mawu 6.

Zhan zhuang: kuima ngati mtengo

Awa ndi agogo aja okumbatira mtengo wosaoneka. Wang Xiangzhai, amene anamwalira mu 1963, ndiye anatchukitsa kaimidwe kameneka ngati njira yolimbitsira thupi. Mapazi molingana ndi mapewa, mawondo opindika pang'ono, matako olendewera, mikono yozungulira patsogolo pa mimba kapena pachifuwa, zigongono zotsika kuposa mapewa, zala zotayana. Ndiye mumangoima.

Imaoneka yosavuta kuposa zonse, koma ndiyo imagonjetsa anthu msanga. Pakatha mphindi ziwiri mapewa amayaka, ntchafu zimanjenjemera. Yambani ndi mphindi 2 kapena 3, manja ali pamchombo, muziwonjezera mphindi imodzi pa sabata kufikira 10. Mapewa akawawa, kawirikawiri ndiye kuti mwawakweza osadziwa. Tsitsani manja osati kulimbikira. Kuima osasuntha kumachititsa magazi kudikha m'miyendo, choncho amene amamwa mankhwala a BP, amayi oyembekezera, a mitsempha yotupa m'miyendo ndi amene anakomokapo akhoza kuchita chidima m'maso. Musatseke maso, ndipo mpando ukhale kumbuyo kwanu. Kafukufuku pa njirayi ndi wochepa poyerekeza ndi tai chi. Malo ake abwino ndi ngati chowonjezera: mphindi zochepa musanayambe masewera ena, kuti muphunzire kuima molunjika popanda kuumitsa thupi.

Kupuma, kumene onse amalakwitsa mofanana

Kaya mwasankha iti, mwezi woyamba pumani mmene mumapumira masiku onse, ndi mphuno, osawerengera. Ophunzira ambiri amamva zoti kupuma kuzikhala kwakuya, ndiye amakoka mpweya wambiri mobwerezabwereza. Mpweya woipa wa m'magazi, umene thupi limafunanso pa mlingo wake, umatsika kwambiri, ndipo zotsatira zake ndi chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndi mtima kugunda. Ena amaganiza kuti imeneyo ndiyo qi yayamba kuyenda, n'kuwonjezera. Ena amagwira mpweya potsika kapena pokankha, zimene zimakweza BP mwadzidzidzi. Manja akazolowera, mpweya umadzipezera wokha njira: kulowa pokweza ndi potambasula, kutuluka potsitsa ndi pokankha. Mimba izifufuma pokoka mpweya, mapewa asakwere.

Kufunda kwa zikhato ndi kathukuta kopepuka n'zabwinobwino. Koma ku China komweko amachenjeza za anthu amene amachita qigong yosinkhasinkha maola ambiri pofunafuna masomphenya, mpaka kusowa tulo ndi kusokonezeka. Amene anadwalapo matenda a maganizo asankhe masewera oyenda, a maso otsegula, a nthawi yochepa, makamaka pagulu.

Ndiye mutenge iti?

Wachikulire amene anagwapo chaka chathachi, kapena amene amayenda chogwira makoma, atenge tai chi ya Sun kapena ya Yang ya magawo ochepa, ndipo ayambe ndi kayendedwe kaja pafupi ndi khoma, wina ali pambali. Wa nyamakazi ya mawondo chimodzimodzi, ataima chokwera. Wogwira ntchito yokhala pansi, wopanda mphunzitsi ndiponso wa nthawi yochepa, Baduanjin imukwanira, kamodzi m'mawa ndi kamodzi madzulo ngati angathe. Wofooka ndi matenda ayambe ndi Shibashi chokhala, wobanika awonjezere Liuzijue. Amene anachita sitiroko akambirane kaye ndi a mafizo, chifukwa mwendo wofookawo umafuna kuonedwa ndi munthu wodziwa.

Kwa munthu wamba amene alibe vuto lalikulu, kuphatikiza kumaposa kusankha imodzi: mphindi 3 kuima, mphindi 12 Baduanjin, mphindi 10 kayendedwe ka tai chi. Mphindi 25 zimenezi zimatseka mpata umene Baduanjin imasiya, popanda kudikira kuloweza magawo 24. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera otulutsa thukuta pang'ono, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo awonjezere masewera odzigwira ndi olimbitsa minofu masiku atatu kapena kuposa. Masewera a ku China awa amakwaniritsa bwino mbali yachiwiriyo. Mbali yoyamba, makamaka kwa wachinyamata kapena wofuna kuchepetsa thupi, imafunabe kuyenda ndawala, njinga kapena khasu.

Mankhwala a BP, a shuga ndi ma ARV samasiyidwa chifukwa cha masewera. Wa shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga asachite ali ndi njala, ndipo azivala nsapato chifukwa mapazi adzanzi samva minga. Mphunzitsi amene akukuuzani kuti musiye mankhwala, kapena kuti akhoza kukuchizani khansa pokutumizirani qi ndi manja ake, muchokereni. Mphunzitsi wabwino amayamba wafunsa za matenda anu, amayang'ana mawondo anu kuposa manja, ndipo amakhala ndi njira yophweka ya gawo lililonse. Ena amafunsa ngati masewerawa ndi chipembedzo. Ndondomeko zimene tayerekeza pano zilibe pemphero kapena nsembe, ndipo m'zipatala zimaphunzitsidwa ngati masewera basi. Komabe alipo magulu amene amaphatikizapo ziphunzitso zawo, choncho funsani musanalowe.

Ngati mukudalira vidiyo, sankhani imodzi, muikopere mufoni, mukhale nayo miyezi itatu. Kudumphadumpha kumasokoneza chifukwa aphunzitsi amasiyana pa tinthu ting'onoting'ono. Pezani yoonetsa mphunzitsi chakumbuyo, kuti dzanja lake lamanja likhale kumanja kwanu. Kamodzi pa sabata imikani foni pansi ijambule miyendo yanu chakutsogolo. Bondo logwera m'kati simungalimve, koma pa chithunzi limaonekeratu. Bwalo likhale losalala, lopanda miyala kapena ndere, nsapato ikhale yafulati yopyapyala pansi, osati patapata. Chitenje chomangidwa mothina chimaletsa kutangadza, choncho siketi yotakasuka kapena buluku ndi bwino. Mukadya nsima dikirani ola limodzi.

Tsiku loyamba dziyezeni kuti mudzakhale ndi poyerekezera. Tsamiritsani kukhoma mpando wolimba wopanda mikono, khalani, pingasani manja pachifuwa, ndipo wina awerenge maulendo amene mungadzuke n'kukhalanso m'masekondi 30. Kenako imani pa mwendo umodzi pafupi ndi tebulo, maso otsegula, awerenge masekondi, mwendo uliwonse paokha. Lembani manambalawo m'kabuku pamodzi ndi BP ya tsikulo, n'kubwereza pakatha masabata 12. Ngati nambala ya mwendo umodzi sinasinthe, wonjezerani mphindi za kayendedwe ka tai chi ndipo muchepetse liwiro la sitepe iliyonse.